NSATSI: MAFUTA AKE ATHANDIZA, NJERE YAKE IPHA

MAU OYAMBA

Nkhani imene tabwera nayo lero ndi ya mtengo umene aliyense wa ife amaudziwa, ngakhale kuti palibe amene adaubzala. Umamera wokha padzala, kuseri kwa khola, m'mphepete mwa mtsinje ndi m'mabwinja. Ana athu amasewera pamthunzi pake. Mtengowu ndi msatsi, ndipo njere zake pamodzi ndi mafuta ake timazitcha nsatsi.

Mwina wina afunsa kuti: kodi pa mavuto onse amene tili nawo, a njala, a feteleza ndi a fizi ya ana, tasankhiranji kukamba za chitsamba cha padzala? Yankho ndi lakuti nsatsi yabwereranso m'nyumba zathu. Kale inkakhala m'nsupa ya agogo. Lero ikugulitsidwa m'mabotolo pamsika ndi m'masitolo a m'tauni, ndipo pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok pali anthu amene akuitamanda kuti imachiza pafupifupi nthenda iliyonse. Mafuta abwerera, koma nzeru imene inkayenda limodzi ndi nsupa ija, yodziwa kayengedwe kake ndi malire ake, yatsalira m'mbuyo, pakuti agogo ambiri amene ankaidziwa adatisiya.

Pakati pathu pali ena amene amanyoza mankhwala onse a makolo kuti ndi zachikale. Palinso ena amene amati chilichonse chomera m'nthaka sichingapweteke munthu. Onse awiriwa akulakwitsa. Mfundo imene tikufuna kuti titenge popita kwathu ndi imodzi: nsatsi ndi yothandiza kunja kwa thupi, ifunika kusamala kwambiri ikamalowa m'kamwa, ndipo njere yake siyenera kudyedwa ndi munthu aliyense.

TIUDZIWE MTENGOWU

Msatsi umakula msanga. M'dzinja limodzi utha kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo kumalo otentha monga kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja umakhala zaka zingapo n'kusanduka kamtengo. Masamba ake ndi aakulu, otambasuka ngati chikhatho cha zala zambiri. Zipatso zake zili ndi timinga tofewa, ndipo chipatso chilichonse chimakhala ndi njere 3. Zikauma zimathetheka padzuwa n'kumwaza njere patali, n'chifukwa chake pamene pamera msatsi umodzi, chaka chamawa pamamera misatsi yambiri.

Akatswiri a zomera amautcha Ricinus communis. M'Chilatini mau oti ricinus atanthauza nkhupakupa, popeza njere yake yamawangamawanga imafanana ndi nkhupakupa yokhuta magazi. Amatiuzanso kuti msatsi uli m'banja limodzi ndi chinangwa. Apa pali phunziro. Tonse tidziwa kuti chinangwa chowawa chimadyetsa banja chikavikidwa bwino, koma chimapha chikadyedwa chachiwisi. Chiphe cha m'chinangwa ndi cha m'nsatsi n'zosiyana, koma lamulo lake ndi limodzi: chitetezo chili m'kakonzedwe.

Kwao kwenikweni kwa mtengowu ndi kuno ku Africa, makamaka cha ku Ethiopia ndi Kenya. Njere zake zidapezeka m'manda akale a ku Ejipito a zaka pafupifupi 4,000 Khristu asanabadwe. Aejipito ankayatsira nyale mafuta ake, ndipo m'zolemba zao za mankhwala zotchedwa Ebers, za m'ma 1550 Khristu asanabadwe, nsatsi imatchulidwa ngati mankhwala otsegula m'mimba ndi odzola kumutu. Akatswiri ambiri a Malembo amati chomera chimene chidapatsa mneneri Yona mthunzi kunja kwa mzinda wa Ninive, pa mutu 4 wa buku lake, chinali msatsi. Anthu a ku Ulaya adaupatsa dzina loti Palma Christi, ndiye kuti chikhatho cha Khristu. Masiku ano dziko la India, makamaka chigawo cha Gujarat, ndilo limalima gawo lalikulu kwambiri la nsatsi ya pa dziko lonse, ndipo mafuta ake amalowa m'sopo, m'penti, m'zodzoladzola ndi m'mafuta ofewetsa makina.

M'MENE MAKOLO ATHU ANKAYENGERA MAFUTA

Pafupifupi theka la kulemera kwa njere ya nsatsi ndi mafuta. Amayi akale ankathyola zipatso zokhwima n'kuziyanika padzuwa mpaka zitathetheka. Akapeta, ankakazinga njerezo m'phale, n'kuzisinja mumtondo mpaka zitalala. Kenaka ankaziika mumphika wa madzi n'kuziwiritsa kwa nthawi yaitali, akutakasa. Mafuta ankayandama pamwamba, ndipo ankawawengula mosamala, n'kuwatenthetsanso kuti madzi otsala aphwe, asanawathire m'nsupa.

Ntchito imeneyi inkatenga nthawi, ndipo sankapatsa ana kuti aigwire. Makolo athu sadalowe m'kalasi ya sayansi, koma lero tikudziwa chifukwa chake njira yaoyo inkateteza anthu. Chiphe cha m'njere chimasungunuka m'madzi, koma sichisakanikirana ndi mafuta. Ndiponso chimatha mphamvu chikaphikidwa pa moto waukulu kwa nthawi yokwanira. Choncho kukazinga, kuwiritsa ndi kuwengula kunkasiyanitsa mafuta ndi chiphe. Munthu amene adumpha gawo limodzi chifukwa cha changu, kapena amene angofinya njere zosaphika n'kusefa ndi kansalu, sadziwa chimene chatsalira m'botolo mwake.

Amene tikuyengabe nsatsi pakhomo tikumbukire zinthu izi. Mtondo ndi mphika wa nsatsi zikhale zapadera, zisagwirenso ntchito ya ufa kapena ya nsinjiro. Zotsalira za njere ndi madzi ake tizikwirire m'dzenje, pakuti nkhuku, agalu, nkhumba ndi mbuzi zimafa zikadya. Zikaolerana m'nthaka zimasanduka manyowa abwino. Munthu wa mphumu asayandikire posinja kapena popeta, chifukwa fumbi la nsatsi limautsa mphumu kwa anthu ena. Ndipo mafuta oyenga pakhomo akhale odzola basi.

CHIPHE CHIMENE CHILI M'NJERE

Chiphe cha m'njere ya nsatsi dzina lake ndi ricin. Amene adachitulukira ndi kuchitcha dzinali ndi Peter Hermann Stillmark m'chaka cha 1888, pa sukulu ya ukachenjede ya ku Dorpat, mzinda umene lero ukutchedwa Tartu m'dziko la Estonia. Thupi lathu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse limakhala ndi moyo popanga zomangira thupi zotchedwa mapuloteni. Chiphe cha ricin chikalowa m'selo chimaimitsa ntchito imeneyi, ndipo selolo limafa. Chimayamba kuononga matumbo, kenaka chiwindi ndi impso.

Mphamvu ya chiphechi idadziwika pa dziko lonse m'chaka cha 1978, pamene mlembi wa ku Bulgaria, Georgi Markov, adabayidwa pa mwendo ndi kachitsulo kakang'ono kwambiri mumzinda wa London, n'kumwalira patapita masiku 4. Ofufuza adagamula kuti m'kachitsuloko munali ricin. Pa nthawiyo panalibe jakisoni kapena piritsi lothetsa chiphechi chikalowa m'thupi.

Tisachite mantha opitirira muyeso. Kukhudza mtengo, kuthyola tsamba kapena kugwira njere sikupha munthu. Njere ikamezedwa yathunthu, khungu lake lolimba lisanasweke, kawirikawiri imangodutsa m'mimba. Ngozi imabwera njere ikatafunidwa, ikasendedwa kapena ikasinjidwa. Pamenepo njere zochepa chabe zitha kudwalitsa munthu wamkulu koopsa, ndipo kwa mwana wamng'ono ngoziyo ndi yaikulu koposa. Kukazinga pang'ono ngati mtedza sikuchotsa ngoziyi. Njerezi n'zokongola, zonyezimira, ndipo ana amazitola kuti aziseweretsa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

NTCHITO ZABWINO ZA NSATSI

Ntchito yaikulu ya nsatsi pakati pa makolo athu inali kudzola. Mafuta odzola a m'sitolo asanabwere, nsatsi ndiyo inkawalitsa khungu la anamwali, la akwati ndi la ovina pa bwalo. Ndi mafuta olemera, osauma msanga, amene amatseka chinyezi pakhungu. Amathandiza pa kutuwa kwa m'nyengo yozizira ya June ndi July, pa ming'alu ya m'mapazi, pa milomo yosweka ndi pa tsitsi louma lothothoka chifukwa chophwanyika. Tsitsi limafewa ndi kuwala, ngakhale kuti mafutawa sameretsa tsitsi padazi monga amanenera otsatsa malonda. Munthu amene akudzola koyamba ayambe wapaka pang'ono pamkono n'kudikira tsiku limodzi, popeza khungu la anthu ena limachita zidzolo.

Masamba nawo ali ndi ntchito. Ambiri a ife tidaonapo agogo akuwamba tsamba la msatsi pamoto kapena kuliviika m'madzi otentha, n'kuthowa nalo mwendo wobinya, msana wophwanya kapena bondo lotupa. Kufunda kwa tsambalo kumafewetsa minofu ndi kuchepetsa ululu. Tionetsetse kuti tsamba silikutentha moti n'kuwaula khungu, makamaka la mwana kapena la munthu wa matenda a shuga amene mapazi ake samva bwino. Tisaike tsamba kapena mafuta pa bala lotseguka kapena pamene munthu wapsa ndi moto.

Kuthowa kuli ndi malire ake. Ngati munthu sangathe kuponda, mwendo wapindika, kapena kutupa kukukula pakapita masiku 2, mwina fupa lathyoka, ndipo tsamba sililumikiza fupa. Amayi ena amaika masamba ofunda pabere lotupa poyamwitsa. Akatero asambitse berelo bwino mwana asanayamwe. Koma bere likafiira ndipo thupi likatentha, kapena mukakhala chotupa cholimba chimene sichikuchoka, apite kuchipatala msanga. Nsatsi sisungunula chotupa cha khansa, ndipo miyezi imene mayi ataya akupaka mafuta ndi yomwe madokotala akadamuthandizira.

KUMWA MAFUTA A NSATSI

N'zoona kuti mafuta a nsatsi amatsegula m'mimba, ndipo achipatala nawonso amavomereza zimenezi. Pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a mafutawa ndi chinthu chotchedwa ricinoleic acid. Dzinali lifanana ndi la chiphe chija, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mafuta akafika m'matumbo, chinthu chimenechi chimatakasa minofu ya matumbo kuti ikankhe zam'kati mwamphamvu, ndipo munthu amathamangira kuchimbudzi pakati pa maola 2 ndi 6.

Munthu wamkulu amene wadzimbidwa atha kumwa kamodzi mafuta oyeretsedwa ogula ku famase, potsata muyeso wolembedwa pa botolo kapena umene wachipatala wanena. Asawasandutse chizolowezi, pakuti matumbo amazolowera kukankhidwa, ndipo thupi limataya madzi ndi mchere wofunika. Nthawi zambiri kudzimbidwa kumatha ndi kumwa madzi ambiri, kudya mgaiwa, ndiwo zamasamba, mapapaya ndi zipatso zina, ndi kuyendayenda.

Asamwe mafutawa munthu amene m'mimba mukumupweteka kwambiri osadziwa chifukwa chake, amene mimba yafufuma ndipo akusanza, kapena amene akutuluka magazi pochita chimbudzi. Mwina matumbo apotana kapena atupa, ndipo kuwakankha ndi nsatsi kutha kuwang'amba. Asamwenso okalamba ofooka ndi odwala impso kapena mtima. Tisaganize kuti popeza ndi mafuta a chomera, kuchulutsa kulibe kanthu. M'zaka za m'ma 1920, otsatira a Benito Mussolini ku Italy ankamwetsa mokakamiza mafuta ambiri a nsatsi anthu otsutsana nawo pa ndale, pofuna kuwazunza ndi kuwachititsa manyazi, ndipo ena adafa chifukwa chotha madzi m'thupi.

Palinso chikhulupiriro chakuti munthu ayenera kutsuka m'mimba mwezi ndi mwezi kuti achotse zoipa. Thupi lili kale ndi chiwindi ndi impso zogwira ntchito imeneyo usana ndi usiku. Nsatsi sipha njoka za m'mimba, sichiza malungo, sichepetsa shuga, ndipo singalowe m'malo mwa ma ARV.

MALO ANAYI OFUNIKA KUSAMALA KOPOSA

Poyamba, mayi woyembekezera. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Germany adaonetsa kuti chinthu chomwe chija chimene chimatakasa matumbo chimatakasanso minofu ya chiberekero. Izi zikufotokoza chifukwa chake anthu a mitundu yambiri akhala akumwetsa amayi nsatsi kuti matenda ayambe msanga. Koma pakhomo palibe amene angathe kuyeza mphamvu ya kukoka kwa chiberekero kapena kumva kugunda kwa mtima wa mwana. Mimba ikakhala yosakwana masiku, mwana atha kubadwa nthawi isanakwane. Mwana akakhala kuti wagona mopingasa, njira ndi yopapatiza, kapena mayi adachitidwapo opaleshoni, kukakamiza chiberekero ndi mankhwala aliwonse, kaya nsatsi kaya mwanamphepo, kumaika moyo wa anthu awiri pachiswe. Mayi amafikanso pa nthawi yochira atatheratu mphamvu ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba. Apongozi, anankungwi ndi azamba, tikupemphani: masiku akapitirira, njira ndi ya kuchipatala.

Kachiwiri, khanda. Mwana wosakwana miyezi 6 safuna china chilichonse m'kamwa koposa bere la mayi wake. Kumumwetsa mafuta kuti atulutse zakuda za m'mimba kapena kuti aleke kulira n'koopsa. Kathupi kake kamatha madzi msanga, ndipo akatsamwa, mafuta amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo chovuta kuchiza. Pamchombo posapola tisapake nsatsi, phulusa kapena china chilichonse kupatula mankhwala amene achipatala apereka, chifukwa pamenepo ndi pakhomo polowera kafumbata ndi tizilombo tina. Liwombo likalowa m'kati, makamaka mwana akamatsegula m'mimba, ndiye kuti madzi achepa m'thupi mwake. Kumata mafuta ndi zitsamba paliwombo sikubweza madziwo. Ayamwe pafupipafupi, amwe Thanzi ORS, ndipo tithamangire naye kuchipatala.

Kachitatu, maso ndi makutu. Pa mafoni pakuyenda uthenga wakuti kudonthezera nsatsi m'maso kumasungunula ng'ala. Si zoona. Ng'ala ili m'kati mwa diso momwe mafuta safika, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi imene imachitika m'zipatala monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma. Mafuta a pamsika atha kulowetsa tizilombo m'diso n'kusiya chipsera chosachoka. Chimodzimodzi khutu lotuluka mafinya lisathiridwe mafuta, popeza mwina mwabooka m'kati.

Kachinayi, njere ngati njira yolera. M'madera ena a Africa, ndi kuno komwe, amayi amanong'onezana kuti kumeza njere imodzi kumatseka mimba kwa chaka chimodzi, njere ziwiri zaka ziwiri. Palibe chipatala chimene chidavomereza njira imeneyi. Kuchuluka kwa chiphe kumasiyana njere ndi njere, ndipo mayi sangadziwe kuti imene wasenda lero ili ndi mphamvu yotani. Banja lofuna kutalikitsa nthawi pakati pa ana likambirane poyera, mwamuna ndi mkazi, ndipo likafunse uphungu kwa alangizi a mabanja kapena kuchipatala. Safunsa adadya phula.

TISASOKONEZE NSATSI NDI NSATSIMANGA

Pali mtengo wina wa dzina lofanana, msatsimanga, umene akatswiri amautcha Jatropha curcas. Ambiri timaubzala ngati mpanda, ndipo m'zaka za m'ma 2000 alimi a m'maboma angapo adalimbikitsidwa kuubzala kuti njere zake zipangire mafuta oyendetsera injini. Masamba ake ndi ocheperapo, osagawika kwambiri, zipatso zake n'zosalala zopanda minga, ndipo njere zake n'zakuda. Njerezi zimakoma ngati mtedza, kotero ana amadya zambiri, nthawi zina gulu lonse pochokera kusukulu, n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba.

Kusiyana kwakukulu ndi uku: chiphe cha nsatsimanga chimalowa m'mafuta momwe, ndipo kuwiritsa kwa pakhomo sikuchichotsa. Mafuta ake ndi oyatsira nyale ndi opangira sopo, osati akumwa. Munthu akatigulitsa botolo lopanda chizindikiro n'kunena kuti ndi nsatsi, tilibe njira yodziwira mtengo umene mafutawo achokera.

MWANA AKADYA NJERE TICHITE CHIYANI?

Tiyerekeze motere. Mwana wa zaka 4 akusewera masanje padzala masana, ndipo watafuna njere zingapo. Madzulo wadya nsima bwinobwino, palibe amene akudziwa kanthu. Pakati pa usiku wayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Makolo akuti tione kukacha. Kukacha akuti mwina ndi malungo, agula mapiritsi pa okala. Pofika tsiku lachiwiri mwana sakukodza, maso alowa, walefuka. Akamwalira, mudzi wonse udabwa kuti mwana amene ankathamanga dzana wapita bwanji, ndipo zala ziyamba kuloza gogo wina wosalakwa kuti ndi mfiti. Banja lataya mwana, gogo wathamangitsidwa, pamene msatsi uja ukadali chiimire padzala.

Zotere zitha kupewedwa. Chiphe cha ricin sichionetsa zizindikiro pompopompo. Kawirikawiri pamapita maola angapo, ndipo imfa itha kubwera m'masiku 2 kapena 3. Koma anthu ambiri amene afika msanga kuchipatala amachira. Tsono tichite izi:

1. Tichotse zotsalira m'kamwa mwa mwana ndi kumutsukuluza ndi madzi.

2. Tinyamuke nthawi yomweyo kupita kuchipatala, ngakhale mwana akuoneka wabwinobwino. Tisadikire kuti ayambe kusanza.

3. Tisamusanzitse ndi chala, madzi a mchere kapena a sopo, ndipo tisamumwetse mafuta kapena zitsamba zina.

4. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, tizimumwetsa Thanzi ORS kapena madzi abwino pang'onopang'ono m'njira.

5. Titenge njere, chipatso ndi tsamba la mtengowo kuti achipatala aone ngati ndi nsatsi kapena nsatsimanga.

6. Tifunse ana onse amene ankasewera naye, mosaopseza, chifukwa mwana woopa chikwapu amabisa.

Kuchipatala amabwezera madzi m'thupi ndi diripi, amayang'anira impso, ndipo wodwala akafika msanga atha kum'patsa makala apadera okoka chiphe m'mimba. Makala a pambaula sangalowe m'malo mwake. Chofunika kwambiri ndi kunena zoona. Mayi amene wameza njere kapena wamwa mafuta ali woyembekezera anene, ngakhale akuopa kukalipiridwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Nafenso amene timagwira ntchito m'zipatala tilandire anthu otere mwaulemu, pakuti wodwala amene wanyozedwa lero adzabisa mawa.

UFULU NDI UDINDO WATHU

Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, pa ndime 26, amapatsa munthu aliyense ufulu wotsata chikhalidwe chimene afuna. Palibe amene angatiletse kusunga nzeru za makolo athu. Malamulo omwewo, pa ndime 16, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Khanda ndi mwana wamng'ono sangathe kudzilankhulira, kotero udindo woteteza ufulu waowo uli m'manja mwa ife akuluakulu.

Ogula tili ndi ufulu wofunsa. Kodi mafutawa adayenga ndani? Adayenga bwanji? Ndi odzola kapena akumwa? Wogulitsa amene akuti botolo limodzi limachiza shuga, khansa, kusabereka ndi ng'ala akufuna ndalama zathu. M'dziko muno muli bungwe la boma loona za mankhwala, la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2019. Tikaona malonda onyenga otere tidziwitse alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kapena ofesi ya zaumoyo ya paboma. Uthenga wa pa foni umene sitikudziwa gwero lake tisautumize kwa ena, pakuti ukavulaza munthu, nafenso tili ndi gawo pa mlanduwo.

Sitikunena kuti tikadule misatsi yonse. Tizule imene ili pafupi ndi sukulu za mkaka, mabwalo osewerera ana, zitsime ndi makhomo a nyumba. Amene akufuna kuyenga asunge mitengo yao kumunda kapena kudimba, athyole zipatso zisanathetheke, ndipo njere azisunge pamwamba m'chotengera chotseka. Mikanda ya njere za nsatsi isavekedwe ana. Aphunzitsi, makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati atenge nthambi ya msatsi ndi ya msatsimanga n'kuonetsa ana maso ndi maso. Mafumu aitane asing'anga, azamba ndi alangizi a zaumoyo kuti akhale pa mphasa imodzi. Ambiri mwa asing'anga ndi amayi achikulire amadziwa kale kuopsa kwa njereyi, ndipo mau ao amamveka m'mudzi kuposa athu.

MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, makolo athu adakhala ndi msatsi zaka zosawerengeka chifukwa ankaudziwa ndi kuupatsa ulemu. Ankadziwa choyenga, chodzola ndi chotaya. Ife tapatsidwa mwayi woonjezera pa nzeru yaoyo zimene achipatala atulukira. Tikabwerera kwathu lero, tiyambe tazungulira nyumba yathu ndi kuona chimene chamera padzala. Kenaka tikhale pansi ndi ana athu, tiwaonetse njere ija, ndipo tiwauze dzina lake ndi ngozi yake.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi m'mudzi mwathu nsatsi imagwira ntchito zanji? Mwa ntchitozi, ndi ziti za kunja kwa thupi, ndipo ndi ziti zolowa m'kamwa, m'maso kapena m'makutu?

2. Ndani amene akudziwabe kuyenga nsatsi pakati pathu? Nanga tingatani kuti achinyamata aphunzire njira yake yonse pamodzi ndi machenjezo ake?

3. Mwana atadya njere usiku uno, tingamufikitse bwanji kuchipatala? Ndani ali ndi njinga kapena galimoto, ndipo ndalama ya ulendo ingachokere kuti?

4. N'chifukwa chiyani amayi ena amabisa kuchipatala mankhwala amene amwa? Ife amuna ao, apongozi ndi anansi tingawathandize bwanji?

5. Ndi malo ati m'dera lathu pamene misatsi kapena misatsimanga yamera pafupi ndi ana? Tigwirizane tsiku ndi anthu okagwira ntchitoyo.